Msodzi wa pa Chithunzi ndi Dzuwa Lolowa

Pali chithunzi china chimene tonsefe tachiona kambirimbiri, kotero kuti maso athu anachizolowera ngati khoma la m'nyumba mwathu. Nyanja ili phee, madzi afiira ngati makala a moto, dzuwa latsala pang'ono kumira, ndipo pakati pa zonsezi pali munthu mmodzi m'bwato la mtengo, nkhafi ili m'manja. Nkhope yake sioneka, pakuti wojambula anamsandutsa mthunzi wakuda. Chithunzichi chili pa makalendala a m'masitolo, m'timabuku toitanira alendo, pa makoma a mahotela, ndipo masiku ano chadzaza pa intaneti. Ngakhale pa ndalama zathu za mapepala asodzi a m'bwato akhala akuonekapo kuyambira nthawi ya Dr. H. Kamuzu Banda. Pansi pa chithunzicho pamakhala mawu, ndipo ngakhale alembedwe mosiyanasiyana, fundo yake ndi imodzi: bwerani mudzapume, kuno nthawi siithamanga, anthu ake alibe nkhawa, zinthu n'zotsika mtengo.

Mawu amenewa amalunjika makamaka kwa anthu amene atsiriza zaka zawo za ntchito. Kale ankaitana azungu okha, a ku Ulaya ndi a ku South Africa, amene amabwera ndi penshoni yawo kudzakhala mwezi umodzi kapena itatu m'mphepete mwa nyanja. Tsopano akuitana ndi ife tomwe: mphunzitsi wamkulu wa ku Lilongwe, mlembi wa ku Capital Hill, namwino wa ku Blantyre, aliyense amene zaka 60 zamuyandikira nayamba kudzifunsa kumene akagoneke mutu ntchito ikatha. Kaamba ka ichi chithunzichi chiyenera kuunikidwa monga umo mayi aunikira chitenje pa msika asanatulutse ndalama: kuchitambasula, kuchiyang'ana kuseri, ndi kuchikoka pang'ono kuti aone ngati ulusi wake uli wolimba.

Ife a m'chigwa cha m'munsi mwa mapiri a Dedza, ku Mua, Golomoti ndi Mtakataka, tili pamalo abwino ounikirapo nkhaniyi, pakuti alendowo amadutsa pakhomo pathu. Ena amatsika phiri pa msewu wokhotakhota uja wochokera ku Masasa kudzafika pa Golomoti, ena amachokera ku Salima kapena ku Balaka, ndipo onsewo amapatukira msewu wa ku Monkey Bay, ulendo wa ku Cape Maclear, kumudzi wa Chembe, kumene zithunzi zambiri za mtundu umenewu zimajambulidwa. Tisakane, chithunzicho n'chokongola, ndipo wojambula sanapeke kanthu. Nyanjayo ilipodi, bwatolo lilipodi, ndipo munthu amene wakhala zaka 35 akudzuka ndi belu sitingamdzudzule akalakalaka malo opanda belu. Vuto lili pa ora limene wojambula anasankha, ndi pa zimene anadula m'mbali.

Tiyambe ndi ora. Gombe la Chembe linayang'ana chakumadzulo, motero mlendo wokhala pakhonde amaona dzuwa likulowa chakuno kwathu, kutsidya kwa madzi. Kwa iye nthawi imeneyo ndi yoweruka, yosamba ndi kumwa kanthu kozizira. Kwa munthu uja ali m'bwato ndi nthawi yoyamba ntchito. Usipa umagwidwa usiku. Dzuwa likapendeka anyamata amanyamula chilimira, ukonde waukulu uja wolemera ngati ng'ombe ukanyowa, naukweza m'boti. Amathira mafuta mu injini, amakweza kabwato kakang'ono pamwamba, nalowa pakati pa nyanja. Kumeneko munthu mmodzi, amene asodzi amamutcha siginala, amatsikira m'kabwatoko yekha ndi nyali zake. Kale zinali nyali zopopa za palafini, tsopano ambiri amayatsa mababu a batire. Iyeyu amakhala duu pamadzi kudikira kuti usipa usonkhane pa kuwalako, ndipo akaona kuti wakwana amaitana anzake kuti azinge ndi ukonde. Tsono amakoka ndi manja, anthu pafupifupi khumi, zingwe zikucheka zikhatho, ndipo akakhuthula amaponyanso, nakokanso, mpaka tambala. Anthu amanena kuti dzina loti Nyanja ya Nyenyezi linachokera ku miuni ya asodzi imene David Livingstone anaiona usiku. Ngati n'zoona, ndiye kuti ngakhale dzina limene timakopera nalo alendo ndi dzina la anthu amene ali pa ntchito ena akugona.

Kuno kwathu, ndi ku Chipoka, ndi ku Senga Bay, dzuwa limatulukira m'nyanja. Amene wapita ku gombe m'bandakucha amaona mbali ina ya chithunzi chomwechi, imene siiikidwa pa kalendala: mabwato akubwerera, anyamata maso ali psu ndi tulo, amayi ali m'madzi mpaka m'mawondo ndi mabeseni awo, aliyense akukuwa mtengo wake, mwini ukonde ali ndi kope m'manja kuchotsera za mafuta asanagawire okoka gawo lawo. Ukapezeka usipa wambiri mtengo umagwa. Ukasowa, anyamata amabwerera ndi ngongole ya mafuta, ndipo mawa adzakokera kubweza ngongoleyo. Kuchokera pamenepo ntchito imagwera amayi: kufutsa, kuyanika pa thandala, kutembenuza, kuingitsa akhwangwala ndi mbuzi, kusaka nkhuni zowambira utaka ndi kampango, ndi kuyang'ana kumwamba kosalekeza, pakuti mtambo umodzi wa mvula ukhoza kuoletsa mpamba wonse wa mwezi.

Nanga bata lija mlendo amaliona masana? Inde, pakati pa tsiku mudzi wa asodzi umaoneka ngati wagona, ndipo wagonadi. Amuna amene ali gone pansi pa mtengo dzuwa lili paliwombo ndi omwe aja anachezera kukoka. Mlendo akawaona amalemba kwawo kuti anthu a kuno sadziwa kuthamanga. Akanapita ku Kanengo nakapeza alonda a usiku ali m'tulo masana, sakanalemba zotere. Kulinso masiku ena amene mabwato ambiri amakhala pamtunda, ndiwo masiku a mwezi wowala, pakuti mwezi ukakhwima nyali zimatha mphamvu ndipo usipa susonkhana. Pamenepo asodzi amasoka maukonde, amamata mabwato, ndipo ochokera kutali, monga Atonga ndi Atumbuka amene anatsikira ku magombe a kum'mwera kutsata nsomba, amapita kukaona mabanja awo. Kalendala ya mudzi wa asodzi ndi mwezi wa kumwamba ndi mphepo. Kuyambira mu Meyi mpaka mu Ogasiti kumawomba mwera, ndipo wailesi imachenjeza kuti anthu asalowe m'madzi. Imeneyi ndi miyezi yomwe alendo amaikonda, chifukwa kulibe mvula ndipo sikutentha. Mafunde amene mlendo amagona nawo tulo tokoma ndi omwewo amene mkazi wa msodzi amachezera nawo ali maso, ngati mwamuna wake wakakamira kulowa chifukwa m'nyumba mulibe ufa.

Chachiwiri ndi zimene zinadulidwa m'mbali. Pa chithunzi pali munthu mmodzi. Ku Chembe kuli anthu oposa 10,000, nyumba zothinana, ana osawerengeka, mavidiyo, matchalitchi, magolosale ndi phokoso la injini. Mudziwu uli m'kati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984, kaamba ka mbuna, tinsomba tokongola tija ta m'miyala. Chembe, Msaka, Mvunguti, Zambo ndi Chidzale ndi midzi imene inatsala m'kati mwa malo otetezedwawo, ndipo zilumba za Maleri, zimene zili mbali ino ya nyanja, zili m'gulu lomwelo. Lamulo limaletsa kusodza pa mtunda wa mamita 100 kuchokera ku magombe ndi zilumba zotetezedwa, ndipo nkhuni za m'phiri satola mwachisawawa. Sitikunena kuti lamulolo n'loipa. Popanda ilo mbuna zikanatha ndipo mapiri a ku Nankumba akanameteka. Koma tizindikire kuti madzi oyera ndi phiri lobiriwira zimene mlendo amayamikira zili ndi mtengo wake, ndipo amalipira ndi mayi amene amayenda mtunda wautali kufuna nkhuni, ndi msodzi wa bwato lopalasa amene alibe injini yomufikitsa kutali.

Maloto amenewa si a lero. Amishoni a ku Scotland, pamodzi ndi Dr. Robert Laws, anafika pa Cape Maclear mu 1875 ndi sitima yawo ya Ilala, nakopeka ndi doko labwino ndi kukongola kwa malowo. Pofika 1881 anali atasamukira ku Bandawe, atasiya manda a anzawo amene anafa ndi malungo. Mu 1949 ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC zinayamba kuima pomwepo pa ulendo wa pakati pa England ndi South Africa, alendo nagona pa hotela ya pagombepo, koma mu 1950 ndegezo zinaleka, ndipo hotelayo siinakhalitse. Dzina lenilenilo la Cape Maclear ndi la mzungu wodziwa za nyenyezi wa ku Cape Town, bwenzi la Livingstone, pamene eni malo amati kwa Chembe. Alendo akhala akubwera ndi kupita, mudzi uli pomwepo. Akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

Za matenda timabukuto timangodutsapo. Madzi a pa Chembe amadziwika ndi likodzo. Mlendo amagula mapiritsi ake, namwa akabwerera kwawo, nkhani yatha. Mwana wa pamudzipo amamwa mankhwalawo kusukulu, mawa lake ali m'madzi omwewo, pakuti ndiko kosamba, kochapa ndi kotsuka mbale. Mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 nupitirira mu 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja, monga Mangochi ndi Salima, anali m'gulu la amene anavutika koposa. Chipatala chaching'ono cha Billy Riordan pa Chembe chinatsekulidwa mu 2004, ndipo anachiyambitsa ndi mayi wa ku Ireland amene mwana wake anamira pamalopo mu 1999. Tikuchitchula chifukwa ndi umboni wakuti alipo alendo amene anayang'ana kuseri kwa chithunzi, naona kuti mudzi waukulu chotere unalibe pothawira munthu akadwala usiku. Munthu wokalamba amene akuganiza zokakhala ku gombe, kaya ndi mzungu kaya ndi mnzathu, ayambe wafunsa kumene akapeze mankhwala a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi, asanafunse za kumene dzuwa limalowera.

Tsono mawu aja oti zinthu n'zotsika mtengo. Zotsika mtengo kwa yani? Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Kwa munthu wolandira penshoni ya mapaundi kapena mayuro, tsiku limenelo chambo cha pa mbale yake chinatsika mtengo iye asanadzuke n'komwe. Kwa mwini chilimira, amene ukonde, injini ndi mafuta ake zonse n'zochokera kunja, linali tsiku la maliro. Kwa mphunzitsi wopuma amene penshoni yake ndi ya makwacha, linali tsiku limene ndalama za zaka 30 zinafota ngati masamba a dzungu pamoto. Anthu atatuwa akhoza kukhala pa gombe limodzi, akuyang'ana dzuwa limodzi. Ndiponso chambocho chinachepa kale. Ku Nyanja ya Malombe chinatha mphamvu kumayambiriro a zaka za m'ma 1990, ndipo m'nyanja yaikulu sichigwidwa monga kale. M'zaka za m'ma 1970 Mmalawi mmodzi ankadya nsomba zokwana makilogalamu pafupifupi 14 pa chaka, koma pofika zaka za m'ma 2000 sizinkafika ndi theka lomwe. Chambo chikapezeka chimapita ku hotela kapena ku Lilongwe, ndipo ana a amene anachigwira amadyera bonya.

Koma pamene chithunzichi chimalakwa koposa ndi pa mawu oti kupuma. Chimauza mlendo wokalamba kuti akupita kumudzi kumene aliyense akukhala moyo umene iye waugwirira ntchito zaka zonsezi, ngati kuti anthu a ku gombe anabadwa ali kale pa penshoni. Kodi m'mudzi wa asodzi alipo amene amapuma pa ntchito? Lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito mu 2011 linalamula kuti wolemba ntchito aziika 10 peresenti, wantchito 5 peresenti, koma limenelo linali la anthu a malipiro a pamwezi. Wokoka chilimira alibe fomu imene anasainapo. Msana ukakana, amatsika m'boti nakhala pamchenga kusoka maukonde a ena, kulandira kambale ka usipa. Maso akakana, amayang'ana kwa ana ake, ngati alipo, ngati sanapite ku Joni. Gogo wamkazi ndiye sapuma n'komwe. Edzi inadutsa m'magombe mwamphamvu, ndipo agogo ambiri analera kawiri, ana awo ndi ana a ana awo. Ndalama za Mtukula Pakhomo, zimene zinayambira ku Mchinji mu 2006, zimafika kwa mabanja ochepa okha osaukitsitsa, ndipo n'zogulira sopo ndi mchere.

Palinso china chimene timachita nacho manyazi kuchitchula. Makolo athu ankati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma masiku ano imvi zasanduka mlandu. Mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha nkhalamba zinayi za banja limodzi poziganizira ufiti, mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Zotere zakhala zikumveka m'maboma ambiri, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, mpaka mu 2024 Nyumba ya Malamulo inachita kukhazikitsa lamulo lapadera loteteza okalamba. Dziko limene likuitana okalamba a maiko ena kuti adzapeze mtendere pa magombe ake ndi lomwelo limene okalamba ake ena amaopa mvula ya ziphaliwali pa chifukwa china choposa mphenziyo. Timabuku toitanira alendo sitingalembe zimenezi, ndipo sitikuyembekeza kuti tilembe. Koma ife eni ake tisamawerenge timabukuto ngati kuti tikutiuza za kwathu.

Tibwere kwa anzathu amene ntchito ikutha. Taona njira ziwiri zimene chithunzichi chimawasocheretsa nazo. Woyamba amatenga ndalama zake za pamodzi zija, napita kwa mfumu ya ku gombe, nagula malo, namanga kanyumba kokongola, kenaka mpanda wa njerwa wofika m'madzi. Amene wayenda kuchokera ku Mangochi kupita ku Monkey Bay, kapena ku Senga Bay, waiona mipanda imeneyi. Pamene panali doko lokokerapo khoka ndi njira ya amayi yokatunga madzi, pali geti ndi galu. Malamulo a malo a 2016, amene anakonzedwanso mu 2022, anakhwimitsa zoti anthu akunja azipeza malo, motero sitinganamizire azungu pa mpanda uliwonse. Yambiri ndi ya a Malawi anzathu. Mwini mpanda amafuna mudzi wa asodzi kuti aziuona, osati kuumva fungo. Tsono amadabwa kuti anthu samuyendera, kuti pa maliro a m'mudzimo samuuza, ndi kuti tsiku limene wadwala palibe wogogoda. Mu 2024 nyanja inakwera koposa zaka zambiri zapitazo, nilowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota. Akuluakulu amene anaona madzi a 1980 ankadziwa pamene nyanja imafika ikakwiya, pakuti madzi saiwala khwawa, koma omanga mipanda sanawafunse.

Wachiwiri ndi wochenjerapo, kapena amadziyesa wotero. Iye amati sindikakhala chabe, ndikagula boti, injini ndi chilimira, anyamata azikandigwirira. Maganizo amenewa ali ndi mbiri yake, pakuti amuna ambiri amene anabwerako ku migodi ya ku Joni ndi ku Salisbury anagula maukonde ndi ndalama za kumeneko, ndipo ena anatukuka nazo. Koma iwo anali ana a pagombe, odziwa mphepo ndi malo a utaka, ndipo ankalowa nawo m'madzi. Bambo wa mu ofesi amene sanakwerepo bwato amakhala pamtunda kudikira lipoti. Sadziwa kuti nsomba zikhoza kugulitsidwa pakati pa nyanja boti lisanafike, sadziwa kuti siginala wabwino amalandidwa ndi mwini ukonde wina, sadziwa kuti mu Novembala ndi Disembala boma limatseka usodzi wa makoka ena kuti chambo chiswane, ndipo injini ikafa amayamba kugulitsa mbuzi. Anyamatawo si akuba mwachibadwa. Ndi anthu amene aona kuti bwana wawo anagula chithunzi, ndipo iwo ndi amene ali m'madzi.

Pa Mua pali zithunzi za mtundu wina, ndipo n'zofunika kuziika pafupi ndi chija cha pa kalendala. Mishoni ya Mua inayamba mu 1902 ndi ansembe a chipani cha White Fathers, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher, wa ku Canada, amene anapatsidwa mfunda wa Chisale, anayambitsa malo a luso ndi chikhalidwe a Kungoni, m'mphepete mwa mtsinje wa Nadzipokwe. Osema a pamenepo akasema moyo wa kumudzi, amasema anthu ali ndi chochita m'manja: wina akusinja, wina wasenza mtolo, wina wabereka mwana, ena akuvina. Anthu ake ali ndi nkhope, ndipo kawirikawiri sakhala okha. M'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare mlendo amayenda ndi munthu wa Chichewa, wa Chingoni ndi wa Chiyao kuyambira pobadwa, pa chinamwali, pa ukwati, mpaka pa maliro, ndipo pa sitepe iliyonse amapezapo nkhalamba ili pa ntchito: namkungwi akulangiza, ankhoswe akumanga banja, akulu akuweruza mlandu pabwalo. Mwa zigoba za gule wamkulu zoposa 400 zimene zili m'menemo, zambiri n'zodzudzula makhalidwe, ndipo zina zimaseka mlendo yemwe, monga amadziwira aliyense amene anaonapo Simoni ndi nkhope yake yofiira. Kusiyana kwake ndi kumeneku: pa kalendala mlendo ndiye amayang'ana mudzi, pamene pabwalo la gule mudzi umayang'ana mlendo, numuuza mmene akuonekera.

Sitikuti Kungoni ilibe ngozi yake. Chikhalidwe chikaikidwa m'nyumba n'kulembedwa mawu pansi pake, mlendo waulesi akhoza kutuluka akuganiza kuti waona anthu a kale amene anatha, osadziwa kuti mnyamata wamugulitsa chosema uja ali ndi foni m'thumba ndi ngongole ya fetereza. Ndipo tisabise, ambiri mwa ofuna moyo wosathamangawo amafika pa Mua mothamanga zedi. Amaima maora awiri, dalaivala akuyang'ana wotchi, kuti akafike ku Cape Maclear dzuwa lisanalowe. Malo ogona a Namalikhate ali pomwepo, koma amene amagona masiku atatu kuti aone msika wa pa Golomoti, kapena mpunga wa pa sikimu ya Bwanje, ya mahekitala 800, imene imamwa madzi a Namikokwe, ndi owerengeka. Chigwa chathu chilibe mchenga woyera wambiri. Chili ndi bango, matope, thonje ndi kutentha kwa mu Okutobala. Mwina n'chifukwa chake mipanda siinatichulukire.

Amene akufuna chitsanzo cha munthu wobwerera kumudzi atatha zaka zambiri m'tauni sasowa kupita kutali ndi Mtakataka. Mayi Theresa Kachindamoto anagwira ntchito ya ulembi pa koleji ina ku Zomba zaka 27, ndipo mu 2003 anaitanidwa kudzakhala Inkosi. Zaka zimene anzawo ankawerenga masiku otsala kuti apume, iwo anayamba ntchito yolemera koposa: kuthetsa maukwati a ana, kuchotsa mafumu amene ankalola mchitidwewo, ndi kubwezera atsikana kusukulu, mpaka dzina lawo linamveka kunja kwa dziko lino. Anamwalira mu 2025. Si tonse tidzaitanidwa ku ufumu, koma mudzi uliwonse wa m'chigwa chino uli ndi komiti ya sukulu yosowa mlembi, gulu la banki m'khonde losowa wodziwa kuwerengera, ndi komiti ya pagombe imene ikulimbana ndi maukonde oletsedwa ndi masikito osanduka makoka. Munthu wopuma pa ntchito amene walowa m'mudzi kudzera pa khomo limeneli amakhala ndi omunyamula akadwala. Adzatopa ndithu, ndipo misonkhano ya pansi pa mtengo imachedwa kuyamba kuposa ya ku Capital Hill.

Kodi ndiye kuti pa nyanja yonseyi palibe kupuma kwenikweni? Kulipo, koma wopuma si munthu. Kumpoto kwa Senga Bay, m'boma la Salima, kuli chilumba cha Mbenji, m'dera la Mfumu Makanjira. Kuyambira zaka za m'ma 1950 mafumu a kumeneko akhala akutseka chilumbachi nyengo ya mvula, kuyambira mu Disembala mpaka chakumapeto kwa Malichi, ndipo asodzi onse amachoka napita kukalima. Pa nthawi ya usodzi pali malamulo ake okhwima: mowa sulowa pachilumbapo, juga n'njoletsedwa, ndipo ukonde umayamba waonedwa usanaloledwe kuwoloka. Wolakwa amaweruzidwa ndi komiti ya mfumu, ndipo akhoza kuthamangitsidwa. Amene anakonza zimenezi sanawerenge buku la sayansi. Anadziwa kuti utaka umafuna miyezi yake yoti uswane popanda wousokoneza, ndi kuti mwamuna amene wachezera pamadzi chaka chonse munda wake umamera tchire. Akatswiri a za nsomba akhala akupita kukaphunzira kumeneko, chifukwa utaka wa ku Mbenji umakula kuposa wa m'magombe ena. Chilumbachi chimatsekulidwa ndi mwambo mvula ikatha, chamu Epulo, ndipo tsiku limenelo mabwato amanyamuka pa gombe la Chikombe ambirimbiri nthawi imodzi, odzaza maukonde, ufa, nkhuni ndi anthu.